Tsiku Limene Achemwali Anasambitsa Kalulu

Achemwali anga akakukonda, amakusambitsa. Ena akakonda munthu amamuphikira, ena amamugulira nsapato, ena amangomuyang'ana n'kumamwetulira ngati opusa. Iwowa ayi, amatenga beseni. Ine ndinakulira m'manja mwawo, ndiye ndikudziwa chimene ndikunena. Mayi athu akapita kuntchito, achemwali ankandikhazika m'beseni n'kundikhula ndi chinkhupule mpaka ndiyambe kuitana aneba. Ndikalira ankati, "Lira, ndiye kuti litsiro likutuluka." Mpaka lero kuseri kwa makutu angawa khungu lake ndi lopyapyala.

Ali ndi saluni kuseri kwa siteji ya basi, pakati pa wokonza mafoni ndi shopu ya zitsulo. Ndi chipinda chimodzi chabe: magalasi awiri, sinki yokhala ndi pogonekera khosi, ndi chowumitsira tsitsi chachikale chija chonga chipewa, chimene chimalira ngati chigayo. Makasitomala amawatcha Madamu. Ine ndimakhala pakona ndi kampando kanga, ndimakonza zikhadabo ndi kukhula zidendene za anthu. Ntchitoyi achemwali anaiyamba ali kamtsikana, kuluka anzawo pakhonde, ndipo lamulo lawo silinasinthe: chinthu chikalowa m'manja mwawo, chisatuluke mmene chinalowera. Tsiku lina abusa anaiwala chipewa atabwera kudzatenga akazi awo. Mawa lake anachipeza chitachapidwa, chitasitidwa, chitachepa moti chinkangokhala pamwamba pa mutu ngati chivundikiro cha poto. Abusa anathokoza, nanga akanatani.

Banja lawo loyamba linatha chifukwa cha mwana. Achemwali sanabereke. Mwamuna uja anapirira zaka zingapo, kenako alongo ake anamupezera wina woti awabalire. Achemwali sanalire pagulu. Anachapa makatani onse a m'nyumbamo, kuwasita, kuwapachika, n'kutuluka ndi chikwama chawo. Nkhani imeneyi saikamba, ndipo inunso mukadzakumana nawo musadzaiyambe.

Anakhala okha nthawi yaitali, mpaka tonse tinaiwala zoti angadzakwatiwenso. Kenako kunabwera alamu. Alamu ndi dalaivala wa malole, munthu wamtali, wofatsa ngati ng'ombe yokalamba. Anabwera kudzagula mabawuti pashopu ya zitsulo, mvula inawapeza, anausa pakhonde pa saluni, ndipo achemwali atangoona kolala ya malaya awo mtima unawawawa. Pasanathe chaka tinavina ukwati.

Koma alamu sanabwere okha. Akazi awo oyamba anamwalira, n'kuwasiyira mwana wamkazi wa zaka ngati zisanu ndi zinayi. Ine ndinamutcha Kadona, chifukwa ankakhala pampando miyendo pamodzi, manja pamaondo, ngati mlendo amene akudikira kuti basi yake ifike. Sanali wamwano, ndipotu bola akanakhala wamwano. Mawu ake kwa achemwali anali awiri okha: "Mwadzuka bwanji, anti," ndi "Zikomo, anti." Achemwali anamuchapira yunifolomu, nsapato, chikwama cha mabuku, ngakhale chidole chake, chimene chinatuluka m'madzimo diso limodzi litachoka. Mwana anachiyang'ana, n'kuti, "Zikomo, anti." Ine zinkandikwiyitsa, koma achemwali zinkawadya mumtima, ndipo ndinkaziona.

Amene Kadona ankayankhula naye anali kalulu wake. Kaluluyo anamugulira ndi mayi ake atatsala pang'ono kudwala. Anali wofiirira thupi lonse koma mapazi oyera, ndiye dzina lake linali Sokosi. Ankakhala m'khola lamatabwa pakhonde lakuseri. Mwana akaweruka kusukulu ankakhala pamenepo n'kumufotokozera zonse: amene wakwapulidwa m'kalasi, amene waba pensulo, zimene aphunzitsi avala. Achemwali ankaima pazenera la kukhitchini, mbale ili m'manja, kumvetsera nkhani zimene akuuzidwa kalulu.

Ndiye panali agogo ake, amake a malemu. Mayi wachikulire wowongoka msana, chikwama chake sichichoka m'khwapa. Iwo anauza alamu mosapita m'mbali: "Inu mumagona m'misewu. Mwana wa mwana wanga akulera ndi munthu wachilendo. Ndipatseni." Alamu, monga mwa amuna, anakanda mutu n'kunena kuti tiona. Mapeto ake anagwirizana kuti Kadona akathere holide kwa agogo, ndipo sukulu ikatsala pang'ono kutsegulidwa anene yekha komwe akufuna kukhala. Akasankha kwa agogo, adzangobwera kudzatenga zovala zake ndi kalulu wake, basi. Achemwali palibe anawafunsa maganizo. Iwo anali m'khitchini, kupukuta mbale zouma kale.

M'mawa wa tsiku la ulendo ndinali komweko. Kadona anaima pafupi ndi khola, chikwama kumsana. Agogo anali atakana kale zokwera basi ndi nyama. Mwana anayang'ana bambo ake, amene analinso ndi ulendo wawo tsiku lomwelo, anayang'ana ine, n'kuona kuti palibe chanzeru. Ndiye anatembenuka.

"Anti."

Achemwali anatsala pang'ono kugwetsa kapu.

"Udzu usamathe m'kholamu," anatero Kadona, maso ali pa kalulu. "Wouma, osati wonyowa. Ndiye chakudya chake chenicheni. Masamba pang'ono m'mawa. Karoti kachidutswa chabe, komanso osati tsiku lililonse. Buledi ayi, masiwiti ayi. Madzi muzimusinthira. Musamuike padzuwa. Musamunyamule makutu, amamva kuwawa. Dzanja lina pachifuwa, lina kumatako, chonchi. Sakonda phokoso. Ndiye muziona timanyi take m'mawa uliwonse. Akasiya kudya kapena kuchita chimbudzi, ndiye kuti wadwala kwambiri, musadikire."

Achemwali ankangogwedeza mutu ngati ali pamaso pa woweruza milandu. Atangotuluka pageti anandigwira mkono mpaka kundisiyira zikhadabo.

"Wamva? Wandiyankhula."

"Wakuyankhulani za manyi a kalulu, achemwali."

"Koma wandiyankhula! Wandisiyira ine. Osati iwe, ine."

Kuyambira tsiku limenelo tonse tinakhala antchito a Sokosi. Achemwali anati sangamusiye yekha kunyumba, kuli amphaka a aneba, ndiye m'mawa uliwonse ankabwera naye kusaluni m'basiketi yofunditsa nsalu. Anamukonzera malo pakona yozizira, kuseri kwa shelefu ya mawigi. Wailesi inazimitsidwa. Abale inu, saluni yopanda wailesi! Miseche inayamba kukambidwa monong'ona, moti nkhani ya mwamuna wa uje amene anapezeka ndi uje inkamveka ngati pemphero. Chowumitsira tsitsi chikati chiyatsidwe, kaluluyo ankayamba watengedwa kukasungidwa kwa wokonza mafoni. Kumeneko anatafuna mawaya a matchaja, ndipo mnyamata wa mafoniyo anabwera akutukwana. Achemwali anamuuza kuti mano a kalulu sasiya kukula, ayenera kutafuna, ndipo munthu wanzeru saika mawaya pansi. Anapita kwa kalipentala kukatola timatabwa tosapaka penti toti azikukuta. Sokosi anatinunkhiza timatabwato, n'kukadya meshi wa kasitomala.

Za udzu ndiye musanene. Madamu, munthu amene satuluka m'nyumba opanda wigi ndi nsapato zazitali, ankaoneka madzulo kuseri kwa bwalo la mpira atawerama ndi chikwakwa chobwereka. Udzuwo ankauyanika padenga la bafa, n'kumautembenuza ngati zovala. M'mawa asanatsegule makatani a saluni ankawerama pakona paja n'kumayang'ana timanyi, tozungulira touma ngati mikanda ya m'tsitsi, nkhope ili mwee. "Taona, lero ndi tambiri," ankandiuza, ngati ine ndafunsa.

Mayi wina wogwira ntchito kubanki, amene amadziona ngati wanthabwala, anafunsa akulukidwa kuti, "Madamu, ndiwoyi tidya liti?" Achemwali anangoyamba kukoka tsitsi. Mayi uja anatuluka nsidze zitakwera mpaka pakati pa chipumi, ndipo ndikukhulupirira kuti sabata imeneyo anagona maso ali otsegula.

Kunena zoona, kaluluyo anasamalidwa. Palibe lamulo la Kadona limene linaphwanyidwa. Sokosi ananenepa bwino, ubweya unkawala, ndipo anayamba kumabwera kudzagona pafupi ndi phazi la achemwali akamaluka. Akanangolekera pomwepo.

Koma chakudza sichiimba ng'oma. Alamu anaimba foni ali kumsewu kuti agogo abwera ndi mwana Loweruka, ndipo iwonso ayesetsa kufika. Achemwali anafunsa kuti mwana wanena zotani. Alamu anati sakudziwa, koma amva kuti agogo akaonana kale ndi ahedi a sukulu ya kumeneko, ndipo agula nsalu ya yunifolomu.

Achemwali anaika foni pansi pang'onopang'ono. Anakhala pampando wa makasitomala, chinthu chimene sachita, n'kumayang'ana kalulu. Anamuyang'ana nthawi yaitali, ndipo ine ndinaona diso lija likubwera, diso limene ankandiyang'ana nalo ndili mwana ndikachokera kosewera.

"Taona mapazi akewo," anatero.

"Atani?"

"Achita chikasu. Mwana anandisiyira ali oyera. Akabwera adzati sindinamusamale."

Mapazi ake anali ngati a kalulu wina aliyense amene amaponda udzu ndi mkodzo wake. Koma munthu amene akuopa kulandidwa mwana saona bwino. Achemwali anali ndi chida chimodzi chokha pa moyo wawo wonse, ndiye anachitenga. Musamuimbe mlandu Kadona kuti sananene zosamba. Mwana ananena zonse zimene munthu wamutu wabwino angalakwitse. Akanadziwa bwanji kuti padziko pano pali munthu amene angayang'ane kalulu n'kuganiza za shampu?

Ine ndinaletsako, koma chifukwa cha thaulo. Ndinati limenelo ndi la makasitomala. Mayi wina amene ndinkamukhula zidendene anati bwanji mufunse kaye kwa dokotala wa ziweto. Achemwali anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka m'beseni.

"Ine? Ndikafunse munthu kasambitsidwe?"

Paja amati safunsa anadya phula. Anatenthetsa madzi, kuwayesa ndi chigongono ngati a khanda. Anatsitsa shampu wa ana, uja wosawawa m'maso, amene amabisa pamwamba pa shelefu. Anamunyamula Sokosi bwinobwino, dzanja lina pachifuwa, lina kumatako, monga anaphunzitsidwira, n'kumuviika m'sinki.

Kodi munamvapo kalulu akulira? Ine ndinali ndisanamvepo, ndinkayesa alibe mawu. Analira ngati khanda lobayidwa ndi singano, kamodzi kokha. Anapalasa ndi miyendo, anawakanda achemwali mikono mpaka magazi. Koma achemwali anazolowera kusambitsa zolira. "Pepa, bambo, pepa, tatsala pang'ono," ankatero, uku akupaka thovu. Anamutsukuluza. Anamupakanso kondishona, ndithu. Kenako anamukulunga m'thaulo, kukhala naye pampando, n'kutsitsa chipewa chowumitsira tsitsi chija. Chigayo chinalira, kalulu anasiya kulimbana, ndipo achemwali anati, "Waona? Wayamba kuzikonda."

Mapazi anayeradi mbee. Ankanunkhira ngati mwana wopita kutchalitchi. Koma atamuika pakona pake sanadumphe, sananunkhize chilichonse. Anangodzipinda, maso otseka pang'ono, kupuma mofulumira. Anamupatsa masamba, sanayang'ane. Anamupatsa karoti yathunthu, kuphwanya lamulo, koma ayi. Achemwali anati watopa chabe, munthu akasamba amagona. Mawu anali olimba, koma maso awo sankachoka pakona paja.

M'mawa mwake anandiimbira foni ndisanasukusule n'komwe. Ndinawapeza atagwada pakhonde lakuseri. Udzu unali mmene anauikira. M'khola munalibe kamanyi ngakhale kamodzi. Makutu a kalulu anali ozizira ngati supuni.

"Ndamupha," anatero. "Mng'ono wanga, ndapha kalulu wa mwana."

Ndinachita mantha, osati chifukwa cha kalulu, koma chifukwa ndinali ndisanawaonepo achemwali atagwada pa chinthu china chosakhala kukolopa. Saluni sinatsegulidwe tsiku limenelo. Dziwani kuti ngakhale tsiku la ukwati wawo anayamba aluka anthu awiri m'mawa.

Dokotala wa ziweto anali mayi wachitsikana, wa magalasi, wooneka kuti watopa kale ndi agalu a anthu. Anamugwira Sokosi pamimba, kumuyang'ana m'kamwa, kupatula ubweya ndi zala. Ubweya wamkati unali udakali wonyowa.

"Anagwera m'madzi?" anafunsa.

"Ayi, adokotala. Ndinamusambitsa."

"Munamusambitsa."

"Ndi shampu wabwino, wa ana. Ndi kondishona. Kenako ndinamuumitsa ndi makina."

Dokotala anavula magalasi n'kutikita maso. Ine ndinayang'ana khoma, panali chithunzi cha nkhupakupa, ndinachiwerenga chonse.

"Mayi," anatero, "kalulu amadzisambitsa yekha ngati mphaka. Madzi amamuopsa moti ena amafera m'beseni momwemo ndi mantha. Ubweya wake wamkati suuma msanga, ndiye amazizidwa. Akachita mantha chonchi amasiya kudya, mimba imaima, ndipo mimba ya kalulu ikaima, imfa siili patali. Akada penapake, mumangopukuta ndi kansalu konyowa pang'ono, kwinako n'kupesa. Inu simuli ndi chipeso?"

"Ndili nazo zambiri," anatero achemwali ndi kamawu kakang'ono.

Anamubaya jakisoni. Anatipatsa sirinji yopanda singano ndi ufa wobiriwira woti tizisungunula ngati phala. Anati azikhala pofunda, pafupi ndi botolo la madzi ofunda lokulunga m'nsalu, ndipo azidyetsedwa pang'onopang'ono, pafupipafupi, ngakhale akane. Phokoso ayi, ulendo ayi, basi ndiye asayerekeze, mpaka atayamba kudya yekha.

"Apulumuka?" anafunsa achemwali.

"Sindikulonjezani."

Pobwerera ndinawapatsa nzeru, poti ndine mng'ono wawo ndipo ndimawakonda. Ndinati, "Achemwali, nyama zimadwala zokha. Mudzangoti munadzuka n'kumupeza ali choncho. Fungo la shampu likhala litatha pofika mawa. Ine sindinena, dokotala sawadziwa. Mukanena zoona mwanayo wapita, ndipo agogo aja adzakunenani mpaka kumanda."

Anayenda mpaka tinadutsa shopu ya zitsulo, basiketi ataikumbatira pachifuwa.

"Mwana ameneyu anamunamizapo kale," anatero. "Anamuuza kuti mayi ake achira. Ine sindimunamiza."

Ndinatseka pakamwa panga, chinthu chimene sichichitika kawirikawiri.

Tsiku lonselo anakhala pabalaza, pansi, msana atatsamira sofa, kalulu ali pamiyendo. Kudyetsa kalulu wosafuna kudya si masewera. Amaluma mano, amatembenuza mutu, phala limathera pa iwe. Mmodzi amayenera kumugwira, wina kulowetsa sirinji. Achemwali anayesa kutsogolo, kunakanika. Kenako anapeza kampata m'mbali mwa kamwa, kuseri kwa mano aakulu aja, ndipo kadontho kanalowa. Anakuwa monong'ona, "Wameza!" ngati timu yawo yagoletsa.

Loweruka masana tinamva geti. Analowa agogo, chikwama m'khwapa, kudzanja linalo atanyamula sutikesi yopanda kanthu. Sutikesi imeneyo inanena zonse. Kumbuyo kwawo kunali alamu, amene anakumana nawo pasiteji, akuyang'ana pansi ngati ataya kiyi. Kadona sanalowe n'komwe m'nyumba. Tinamva mapazi ake akuthamangira kukhonde lakuseri, kenako zii, kenako akubwerera.

Anaima pakhomo la pabalaza. Anaona Madamu amene anali asanawaonepo: opanda wigi, tsitsi la imvi lili nyankhalala, mikono yokandikakandika, diresi lodzaza madontho obiriwira. Anabwera n'kugwada. Anamusisita Sokosi pamphumi ndi chala chimodzi, anagwira makutu, kenako anawerama n'kununkhiza. Fungo limene ndinalonjeza kuti litha linali lidakalipo.

"Akununkhira shampu," anatero.

"Ndinamusambitsa," anatero achemwali. "Mapazi anada, ndinafuna udzamupeze ali woyera. Sindinafunse munthu. Wadwala chifukwa cha ine. Palibe wina, ndine."

Kadona anaimirira. Ndinkayembekeza kuti anena "Zikomo, anti" n'kukalongedza. Koma nkhope inafiira, ndipo mawu amene anatuluka m'kamwana kameneka anagwedeza makatani.

"Anakuuzani ndani? Ndani? Kalulu sasamba! Aliyense amadziwa! Inu chilichonse kuchapa, chilichonse kuchapa! Chidole changa munachichotsa diso! Chikwama changa chinasuluka! Bulangete la amayi munalichapa, fungo lawo linatha! Tsopano mukufuna kupha Sokosi!"

Za bulangetezo palibe ankadziwa. Achemwali anatseka maso ngati amenyedwa mbama, ndipo ine mtima unandipweteka chifukwa cha onse awiri. Alamu anatsegula pakamwa kuti adzudzule mwana, koma achemwali anakweza dzanja.

"Musiyeni anene," anatero. "Akunena zoona."

Agogo anaika sutikesi pansi. "Mwadzionera nokha, bambo," anauza alamu. "Munthu wolephera kusunga kalulu angasunge mwana? Iwe, kalongedze. Kanyama kakoko tikaike m'katoni, basi ya madzulo isatisiye."

"Sangakwere basi, mayi," anatero achemwali. "Adokotala aletsa. Angafere panjira." Anatembenukira kwa Kadona. "Pita ndi agogo. Akachira, bambo ako adzakubweretsera. Ndimusamala, ndikulonjeza."

Ndinafuna kuwatsina. Mpata unali umenewo woti amugwire mwana, iwo n'kumamutsegulira chitseko.

"Ndimusiye ndi inu?" anatero Kadona, misozi ili mbwembwembwe. "Kuti mumupakenso mafuta? Wadya liti?"

"Nthawi yakwana tsopano."

"Bweretsani."

Analanda sirinji, n'kuyesa kuilowetsa kutsogolo. Sokosi analuma mano, phala linagwera pa thaulo. Anayesanso, chimodzimodzi. Achemwali ananena motsitsa mawu kuti, "M'mbali, kuseri kwa mano, pali kampata." Mwana anawayang'ana ndi diso loipa, koma anayesa m'mbali. Kalulu anatafunatafuna, n'kumeza.

"Mugwireni bwino," anatero Kadona. "Osafinya. Kwezani mutu pang'ono. Osati choncho, anti, ha! Chonchi."

"Chonchi?"

"Eya."

Agogo anayang'ana wotchi. "Mwanawe, sukulu ikutsegulidwa Lolemba. Malo ndakupezera movutikira. Ukatsala lero, watsala."

Kadona sanadzutse mutu. Ankayamwitsa phala lina m'sirinji, lilime lili panja.

"Ndiye ndatsala, agogo. Sindingapite. Anti awa sadziwa chilichonse. Akufunika munthu woti aziwayang'anira."

Ndinkadikira kuti agogo aphulike. Koma anangoima, kumuyang'ana mdzukulu wawo nthawi yaitali, ndipo msana wowongoka uja unagwa pang'ono. "Holide yonse kwanga sanakweze mawu ngakhale kamodzi," anatero, osauza munthu aliyense. "Amangoti zikomo, agogo." Anatola sutikesi yawo. Alamu anathamangira kuwalandira kuti awaperekeze, akusangalala kuti apeza chochita.

Ine ndinatsala nditaima pakhomo. Achemwali anali atagwira kalulu ndi manja onse awiri, monga analamulidwira, ndiye analibe dzanja lopukutira nkhope. Munthu amene anthu amamuopa msewu wonse anali atangouzidwa kuti sadziwa chilichonse, ndipo sindinawaonepo atakondwa chotero. Misozi inkatsika m'masaya, kufika pachibwano, n'kumadontha pa thaulo.

Kadona anaona dontho limodzi likugwera pafupi ndi khutu la Sokosi.

"Anti, musalirire pamenepo," anatero. "Mumunyowetsanso."

Achemwali anatembenuzira nkhope kumbali, koma kaluluyo sanamusiye.